Mmene mungalembere mtundu ndi chilankhulo cha anthu mu Lusaka popanda kubzala tsankho

Chaka china ndinkagwira ntchito yolemba anthu m'makomboni a kumadzulo kwa Lusaka, m'bungwe lina limene linkafuna kudziwa chifukwa chake amayi ena oyembekezera amaleka kupita kusikelo asanachire. Pa fomu yathu panali funso limene tonse tinaliona ngati laling'ono, lakuti "Ndinu mtundu wanji?", ndipo pansi pake panali mabokosi 8. Mabokosi 7 anali ndi maina a zilankhulo zimene timamva pa wailesi ya boma, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chikaonde ndi Chiluvale, pomwe lomaliza linalembedwa kuti "ena". Tsiku lachiwiri ndinafika pakhomo pa mayi wina wachikulire amene ankasamalira mwana wawo wodwala pakati, ndipo ndinawapeza ali pamkeka akusankha nyemba m'lichero. Nditawawerengera mabokosi onse, anaika lichero pansi n'kundiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Mwananga, ine ndine Msoli. Makolo anga anali kuno njanji isanafike. Lero ndasanduka 'ena' pa nthaka yawo?" Ndinasowa chowayankha. Ndinachonga bokosi la "ena" chifukwa fomu sinandipatse njira ina, ndipo lipoti litatuluka, Asoli, Alenje, Ansenga, Atumbuka ndi Amambwe onse anali atathiridwa m'thumba limodzi limene palibe akanatha kulimasulanso.

Malangizo awa ndikulembera anthu amene akukonza fomu ya kuchipatala, ya kusukulu, ya kampani, ya mpingo kapena ya komiti yachitukuko ya m'wadi, ndipo akufuna kudziwa ngati thandizo lawo likufikira anthu onse mofanana. Mfundo yanga ndi imodzi: yankho la funso la mtundu ndi chuma cha munthu woyankhayo, ndipo inu mumangobwereka kuti mukonzere chinthu chimene mwamuuza kuti mudzakonza.

Chifukwa chake anthu amazengereza

Musadabwe munthu wa mu Lusaka akakhala chete mutamufunsa mtundu wake. Dziko lino linamangidwa pa mawu akuti One Zambia, One Nation, ndipo Kenneth Kaunda ankayesetsa kugawa mipando ya unduna kwa anthu a zigawo zonse kuti pasapezeke mtundu wodyera anzake masuku pamutu. Tinakula tikudziwa kuti bwana akayamba kufunsa kwanu mu ofesi, ndiye kuti "wako ni wako" wayandikira. Timadziwanso zimene zinaonekera anzathu. Ku Rwanda, zitupa zolembedwa mtundu wa munthu, zimene atsamunda a ku Belgium anayambitsa m'zaka za m'ma 1930, ndi zimene zigawenga zinkayang'ana pa zipata za m'misewu mu 1994 posankha woti aphedwe. Ku South Africa, lamulo la Population Registration Act la 1950 linagawa anthu potengera khungu, ndipo gulu limene unaikidwamo ndi limene linkakuuza kokhala, kophunzira ndi ntchito yoti ugwire, mpaka lamulolo litathetsedwa mu 1991. Tanzania inafunsa za mtundu komaliza pa kalembera wa 1967. Kwathu konkuno, mu Epulo 2016, mphekesera zinachititsa kuti masitolo a anthu ochokera ku Rwanda athyoledwe m'makomboni angapo a mu Lusaka, ndipo aliyense angaganize chimene chikanachitika mndandanda wa maina, mitundu ndi manambala a nyumba ukanagwera m'manja olakwika sabata imeneyo.

Komabe tsankho limene palibe analiwerenga ndi lovuta kulitsutsa. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko la Zambia imaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu kapena kumene anachokera. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limaletsa zomwezo pantchito, ndipo ndime 259 ya malamulo aakulu aja, imene inabwera ndi kusintha kwa 2016, imati osankha anthu m'maudindo a boma ayesetse kuti zigawo zosiyanasiyana za dziko ziimiridwe. Nanga kampani imene ikunenedwa kuti imalemba ntchito anthu a kwawo kwa bwana okhaokha ingadziyeretse bwanji, kapena odandaulawo angaonetse bwanji kuti akunena zoona, ngati palibe amene anawerengapo? Ndiye chifukwa chake maiko ena anasankha kuwerenga. Ku Kenya, lamulo la 2008 limati ofesi ya boma isakhale ndi antchito a mtundu umodzi opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Boma la United States, mu Malichi 2024, linasintha malangizo ake amene anakhala osasinthika kuyambira 1997, n'kulamula kuti maofesi ake azilemba mitundu mwatsatanetsatane, chifukwa magulu akuluakulu ankaphimba mavuto a magulu ang'onoang'ono amene ali mkati mwake. Cholinga 17.18 cha zolinga zachitukuko za United Nations nachonso chimapempha ziwerengero zogawidwa potengera mtundu, pamodzi ndi zaka, chuma, ulumali ndi malo okhala. Walira mvula walira matope: amene akufuna phindu la ziwerengero zotere avomerenso ntchito yoziteteza.

Yambani ndi chimene mudzasinthe

Musanalembe funso, lembani chiganizo chimodzi chonena kuti, tikadziwa mtundu kapena chilankhulo cha anthu awa, tidzasintha chakutichakuti. Kiliniki inganene kuti idzadziwa zilankhulo zoti izilemberamo mapepala ophunzitsa za mankhwala ndiponso odzipereka oti iwalembe. Sukulu inganene kuti idzadziwa ana amene akufika m'giredi yoyamba osamva chilankhulo chimene aphunzitsi akulankhula. Kampani inganene kuti idzaona ngati anthu ena amafunsira ntchito mochuluka koma saitanidwa kukayesedwa. Ngati chiganizocho chakukanikani, chotsani funsolo pa fomu, pakuti mafomu ambiri amene ndinawaonapo anali nalo chabe chifukwa linali pa fomu yakale imene anakopera.

Lamulo lachiwiri la pa chiyambi ndi lakuti yankho lisakhudze chimene munthuyo alandire. Wosankha ana oti alipiriridwe fizi, wolemba anthu ntchito kapena namwino wokonza mzere asaone tsamba limene pali mtundu. Tsambalo likhale lapadera, lichotsedwe pa fomu fomuyo isanafike kwa osankha, ndipo lilumikizidwe ndi zotsatira ntchito yosankha itatha. Kenako kambiranani ndi eni dera musanasindikize chilichonse: a komiti ya m'wadi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, odzipereka a zaumoyo, amayi a pamsika, ndiponso othawa kwawo ngati m'deramo alimo. Safunsa anadya phula. Anthu awa ndi amene adzakuuzeni mawu amene amanyoza, dzina limene gulu lina limakana kutchulidwa nalo, ndi mtundu umene mwauiwala.

Mtundu, chilankhulo ndi kumudzi ndi mafunso osiyana

Apa ndi pamene fomu yathu ija inagwera m'mbuna, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Mawu akuti "mtundu" m'chilankhulo chathu amasenza katundu wambiri, chifukwa amatanthauza fuko, khungu, dziko, ngakhale maonekedwe a nsalu. Mukafunsa funso limodzi lokha, wina adzayankha kuti ndi Mchewa, wina adzati ndi wa ku Zambia, wina adzati ndi wa kum'mawa, ndipo mayankho atatuwo simungawaphatikize.

Kalembera wa dziko amasiyanitsa mtundu ndi chilankhulo, ndipo zotsatira za 2010 zimaonetsa chifukwa chake. Anthu 21 pa 100 aliwonse ananena kuti ndi Abemba, koma amene ankalankhula Chibemba tsiku ndi tsiku anali pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu. Achewa anali 7.4 pa 100, Ansenga 5.3, Atumbuka 4.4 ndipo Angoni 4, pomwe odzitcha Anyanja mwa mtundu anali ochepa kwambiri, chonsecho Chinyanja chinali chilankhulo chachikulu cha anthu pafupifupi 15 pa 100 m'dziko lonse, ndi cha anthu oposa 60 pa 100 m'chigawo cha Lusaka. Tanthauzo lake n'lakuti mnyamata wa ku Matero amene makolo ake ndi Alozi angathe kukhala Mlozi amene amalota m'Chinyanja, ndipo mukamulemba kuti "Chilozi" n'kumutumizira uthenga wa pafoni m'chilankhulocho, adzapita nawo kwa agogo ake kuti amumasulire.

Choncho funsani mafunso padera. Loyamba: "Kodi mumadziona kuti ndinu a mtundu uti, kapena mitundu iti?" Lachiwiri: "Kodi kunyumba mumalankhula kwambiri chilankhulo chiti?" Lachitatu, limene kwa chipatala ndi sukulu ndilo lofunika koposa: "Kodi mungakonde kuti tizikulankhulani ndi kukulemberani m'chilankhulo chiti?" Pa funso lachitatuli ikanipo Chingerezi ndi chinenero cha manja cha anthu osamva, ndipo funsaninso ngati munthuyo amawerenga chilankhulo chimene watchulacho, popeza ambiri amachilankhula bwino koma sanachiwerengepo. Kumbukirani kuti Chinyanja cha mu minibasi ya ku Chawama, chosakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, chimasiyana ndi Chichewa cha ku Katete ndi cha m'mabuku. Boma litalamula mu 2014 kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera lawo, makolo ambiri a mu Lusaka anaona kuti mawu a m'buku sanali amene mwana amamva pabwalo. Kalembera wa 2010 uja anawerenga Chinyanja ndi Chichewa ngati mayankho awiri, ndipo inunso ndi bwino kuwasiya awiri.

Funso la kumudzi lisamalidwe mofanana ndi la mtundu. Pa chitupa chobiriwira cha NRC, chimene ambiri timangoti reji, palibe malo olembapo mtundu, koma pali mudzi, mfumu ndi boma, ndipo munthu wodziwa dziko akaona dzina la mfumu amaganiza kuti wadziwa zonse. Musakopere zimenezo n'kuzisandutsa mtundu. Achinyamata ambiri anabadwira ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku Kanyama, ndipo mudzi wolembedwa pa reji yawo ndi wa agogo umene iwo sanaupondemo. Unzika nawo ndi funso lina, khungu ndi linanso. Mabanja a amalonda a ku Kamwala amene makolo awo anachokera ku India akhala kuno mibadwo ingapo, ndipo Guy Scott, wobadwira ku Livingstone, anagwirizira udindo wa mtsogoleri wa dziko kuyambira Okutobala 2014 mpaka Januwale 2015. Fomu yoika "mzungu" kapena "mmwenye" pansi pa mutu wa alendo yalakwa isanachoke mu ofesi.

Mwini wake ndiye anene

Wolemba asayerekeze kudzaza yekha poyang'ana nkhope, katchulidwe ka mawu kapena dzina. Chiyeso chimenechi ndi chachikulu dzuwa likaswa mtengo ndipo mafomu akadali ambiri m'chikwama. Koma maina athu ambiri ndi a mfunda, ndipo mfunda umadutsa malire a mitundu. A Phiri, a Banda ndi a Tembo amapezeka pakati pa Achewa, Ansenga, Atumbuka ndi Angoni. A Mumba alipo kwa Ansenga, aliponso kwa Abemba. Ndipo mayi wokwatiwa nthawi zambiri amayenda ndi dzina la mwamuna wake.

Lolani munthu kutchula mitundu yoposa umodzi. Lusaka ndi mzinda wa maukwati osakanikirana, ndipo miyambo yathu siigwirizana pa nkhani ya mwini mwana. Kwa Achewa, Ansenga, Abemba, Atonga, Asoli ndi Alenje mwana amatsata kwa amayi, pomwe kwa Angoni, Amambwe ndi Anamwanga amatsata kwa abambo. Mwana wa bambo Mngoni ndi mayi Mchewa amafunidwa mbali zonse ziwiri, ndipo angapite ku Nc'wala kwa Mpezeni mu Febuluwale n'kupitanso ku Kulamba kwa Gawa Undi mu Ogasiti, konseko ali kwawo. Mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mngoni, mwamwambo, mbali iliyonse ingamuloze kwa inzake. Wolemba amene angaumirire kuti "sankhani umodzi" akuweruza mlandu umene ngakhale ankhoswe sanaumalize. Lembani yonse imene munthu watchula, ndipo ngati mukufuna umodzi wowerengetsera, funsani mwaulemu kuti, "Mwa imeneyi, ulipo umene mumadzitchula nawo kawirikawiri?" Akati palibe, lembani kuti palibe.

Payeneranso kukhala malo a munthu amene akuti "ndine wa ku Zambia basi", a amene sakudziwa, ndi a amene sakufuna kuyankha. Awa ndi mayankho atatu osiyana, ndipo onse ndi osiyana ndi bokosi losiyidwa lopanda kanthu chifukwa wolemba anaiwala kufunsa. Mupatseni lililonse nambala yakeyake.

Mndandanda ukhale wautali

Timakonda kunena kuti Zambia ili ndi mitundu 73, ndipo ngakhale akatswiri amatsutsana za chiwerengerocho, chimatikumbutsa kuti mabokosi 7 sangakwane. Yambani ndi mndandanda umene bungwe la Zambia Statistics Agency limagwiritsa ntchito pa kalembera, kuti ziwerengero zanu zidzathe kuyerekezedwa ndi za dziko, kenako onetsetsani kuti eni chigawo chino alipo ndi maina awo: Asoli a kwa Nkomeshya Mukamambo II ku Chongwe, Alenje, Agoba a ku Chiawa ndi Achikunda a ku Luangwa. Akunda a m'boma la Mambwe ndi Asenga a ku Chama musawamize mwa Achewa chifukwa chakuti onse ndi "a kum'mawa". Samalani ndi dzina lakuti Lunda, pakuti Alunda a kwa Mwata Kazembe ku Luapula amalankhula Chibemba, pomwe Alunda a kumpoto chakumadzulo ali ndi chilankhulo chawo, ndipo kalembera amawalemba padera. Pamapeto siyani mzere woti munthu anene yekha dzina limene palibe, ndipo lilembedwe monga walinenera.

Ubwino wolemba mwatsatanetsatane ndi wakuti pambuyo pake mungathe kusonkhanitsa timagulu ting'onoting'ono kukhala gulu lalikulu, koma gulu lalikulu simungaligawenso. Ufa ukasakanizidwa, mgaiwa ndi woyera sizipatukanso. Pa tabuleti mndandanda wautali suvuta, chifukwa mapulogalamu monga KoboToolbox, ODK ndi CSPro amalola kulemba zilembo zoyamba dzina n'kutulukira, ndipo kalembera wa 2022, amene anapeza anthu oposa 19.6 miliyoni, anachitika pa matabuleti. Pa pepala, sindikizani mndandandawo pa khadi lapadera motsatira alifabeti, kuti pasaoneke mtundu woikidwa pamwamba chifukwa cha ukulu.

Pakhomo ndi pa windo

Funso la mtundu liikidwe chakumapeto, munthu atazolowera kale kucheza nanu, ndipo lisafunsidwe pamzere pamene ena akumva. Wolemba aliyense aloweze mawu oyamba ofanana, monga awa: "Amayi, tsopano ndikufunsani za mtundu ndi chilankhulo chanu. Tikufunsa aliyense, kuti tione ngati pali anthu amene thandizo lathu likuwadumpha. Simukakamizidwa kuyankha, ndipo kuyankha kapena kusayankha sikusintha chimene mulandire. Dzina lanu silidzalembedwa pamodzi ndi yankho ili m'lipoti." Akafunsa kuti amene adzaone ndani, wolemba akhale ndi yankho loona, lotchula udindo wa munthu wosunga mafomuwo ndi nthawi imene adzafafanizidwe.

Pophunzitsa olemba, patulani nthawi yokwanira ya nkhani ya chimbuya. Nthabwala za pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, za anyani ndi mbewa, zimakometsa maliro ndi maukwati, ndipo ineyo ndimazikonda. Koma wolemba atanyamula fomu ya thandizo ali ndi mphamvu pa amene akumufunsa, ndipo nthabwala yochokera kwa wamphamvu imamveka mwina. Ndinaonapo mnzanga akuseka kuti "inu akuba mwabweranso" kwa bambo wina amene anatchula mtundu wake. Bamboyo anaseka nawo, koma mafunso otsatira onse anayankha ndi mawu amodziamodzi, maso ali pa chipata. Chimodzimodzinso wolemba asasangalale mopitirira akapeza wa kwawo, chifukwa woyandikana naye nyumba amene akumvetsera kuseri kwa mpanda adzaganiza kuti thandizo lapita kale. Akumbutseninso kuti ndime 70 ya Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, imalanga mawu osonyeza chidani kapena chipongwe kwa anthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena kochokera.

Yesani fomuyo pa anthu ochepa m'makomboni awiri kapena atatu osiyana, monga Mtendere, George ndi Bauleni, musanaisindikize yambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: khalani pansi ndi oyankhawo, muwafunse chimene anamva pa funso lililonse, ndipo mudzapeza kuti mawu amene mu ofesi ankaoneka omveka pakhomo amamveka zina. Sabata iliyonse onani mafomu a wolemba aliyense. Amene alibe ngakhale munthu mmodzi wokana kuyankha kapena wotchula mitundu iwiri, mwina akudzaza yekha.

Kusunga motsata lamulo

Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika khungu ndi mtundu wa munthu m'gulu la nkhani zofunika chitetezo chapadera, pamodzi ndi zaumoyo, chipembedzo ndi maganizo a ndale. Bungwe losunga nkhani za anthu liyenera kulembetsa ku ofesi ya Data Protection Commissioner, kupeza chilolezo chomveka kwa munthu, kapena kwa kholo ngati ndi mwana, ndi kugwiritsa ntchito nkhanizo pa cholinga chimene linanena chokha. Lamulolo limafunanso kuti nkhani za gulu lapaderali zisungidwe pa makompyuta a m'dziko muno, mfundo imene mabungwe ambiri amaiphonya akamatumiza mafomu ku mapulogalamu aulere a pa intaneti amene amasungira kunja. Funsani katswiri wa malamulo pa mfundo imeneyi musanayambe. Ngati ntchito yanu ndi kafukufuku wa zaumoyo, pamafunikanso chilolezo cha komiti yoona za khalidwe pa kafukufuku ndi cha National Health Research Authority.

M'kachitidwe ka tsiku ndi tsiku, patulani maina ndi mayankho. Munthu aliyense apatsidwe nambala. Failo ya maina, mafoni ndi manambala a nyumba isungidwe kwina ndi mawu achinsinsi, ndipo failo ya mayankho ikhale ndi nambala yokhayo. Anthu odziwa kulumikiza mafailo awiriwo asapitirire awiri kapena atatu. Mndandandawo usaperekedwe kwa wandale, khansala kapena mwini nyumba, ngakhale atapempha mokoma chotani, makamaka chaka cha masankho.

Kuwerengetsa mosanamiza

Cholakwa chofala ndi kuwerenga olandira okha. Tiyerekeze kuti ana 200 anapempha thandizo la fizi m'wadi ina ndipo 60 analandira. Mwa olandirawo, 36 ndi a gulu loyamba, 20 a gulu lachiwiri, 4 a gulu lachitatu. Pamsika anthu adzati gulu loyamba ladya zonse. Koma ngati opempha a gulu loyamba anali 120, a lachiwiri 50, a lachitatu 30, ndiye kuti loyamba linapeza 30 pa 100, lachiwiri 40 pa 100, ndipo lachitatu 13 pa 100 okha. Funso lenileni lili pa gulu lachitatu, limene palibe ankalitchula. Ndipo pali funso lina kuseri kwake, la ana amene sanapemphe n'komwe, limene mungaliyankhe poyerekeza opempha ndi chiwerengero cha okhala m'deralo.

Mukapeza kusiyana, musathamangire kunena kuti ndi tsankho, ndiponso musathamangire kunena kuti ndi "chikhalidwe chawo". Mawu achiwiriwa ndi amene ndimawaopa kwambiri, chifukwa amatseka nkhani n'kusenzetsa mlandu wovutikayo. Gawaninso ziwerengerozo potengera komboni, chuma cha banja, maphunziro a makolo, ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna, ndi zaka zimene banjalo lakhala mu mzinda. Kawirikawiri mudzapeza kuti gulu lachitatu lija limakhala kumapeto kwa wadi kumene chilengezo sichinafike, kapena ndi la mabanja ofika kumene amene alibe zikalata zofunika, kapena fomu inali m'Chingerezi chovuta. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la Heroes Stadium kusanduka chipatala mu Januwale 2024, inatsata zitsime zosaya, zimbudzi zokumba ndi madzi osefukira a m'makomboni monga Kanyama, ndipo wowerenga mitundu ya odwala popanda kuyang'ana kumene amatunga madzi akanatuluka ndi bodza looneka ngati sayansi. Mu Lusaka, kusiyana kwa kumayadi ndi kukomboni nthawi zambiri kumafotokoza zambiri kuposa mtundu. Koma mukachotsa zonsezo kusiyana n'kutsalabe, nenani poyera kuti kwatsala, ndipo yang'anani amene amasankha ndi mmene amasankhira.

Polemba lipoti, musasindikize gulu la anthu ochepera 10. Pa sukulu imene ili ndi mphunzitsi mmodzi yekha Mmbunda, mzere wonena za "Ambunda" ndi dzina lake lenileni. Magulu ang'ono otero asonkhanitseni m'lipoti la poyera, koma atchuleni maina m'munsi kuti adziwe kuti anawerengedwa, ndipo m'kati mwa bungwe pitirizani kuwayang'ana paokha. Mapu osonyeza mtundu nyumba ndi nyumba asapangidwe n'komwe.

Bwererani kumene munafunsa

Zotsatira zikatuluka, pitani nazo ku holo ya sukulu kapena ya tchalitchi m'dera lomwelo lipoti lisanapite kwa opereka ndalama, muzifotokoze m'chilankhulo chimene anthu anasankha pa funso lachitatu lija. Nenani chimene mwapeza, chimene musinthe, mwezi umene muyambe, ndi tsiku limene mudzawerengenso kuti muone ngati mpata wachepa. Lolani anthu akutsutseni, popeza iwo angadziwe chifukwa chimene inu simunachiganizire, monga mlatho umene umamira nthawi ya dzinja kapena mlonda wa pachipata amene amabweza olankhula Chiswahili.

Tsiku lofafaniza limene munalonjeza likafika, lisungeni. Failo ya maina ichotsedwe pa kompyuta, pa matabuleti ndi pa tifulashi tonse, ndipo funsani wolemba aliyense atsegule foni yake pamaso panu, chifukwa ambiri amajambula mafomu n'kutumizirana pa WhatsApp netiweki ikavuta, zithunzizo n'kutsala momwemo zaka. Mafomu a pepala awotchedwe kapena adulidwe ndi makina pali mboni ziwiri zosainira, osaperekedwa kwa wosesa kuti akataye, pakuti mapepala a m'maofesi a mu Lusaka amathera pamsika, ndipo ine ndinagulapo zitumbuwa zokulungidwa m'tsamba lokhala ndi dzina la munthu, nambala ya reji yake ndi mudzi wa kwawo.